MAKINA OONA MVULA IKALI KUTALI

Abale ndi alongo, cilala ca 2024 cinatiphunzitsa kuyang'ana kumwamba tsiku ndi tsiku. Koma mvula imene tiilakalaka ikhozanso kuononga, pakuti nthaka youma ndi yopanda udzu siimwa madzi msanga. Lero tikambirane za makina ochedwa radar, amene amaona mvula yamkuntho isanafike.

Mukafuula pafupi ndi phiri, mau anu amabwerera. Phiri likakhala patali, mauwo amacedwa kubwerera. Radar imagwira nchito cimodzimodzi. Ili ndi mbale yaikulu yozungulira pamwamba pa nsanja, imene imaponya mafunde a wailesi mumlengalenga. Mafundewa akagunda madontho a mvula kapena matalala, ena amabwerera ku mbale ija. Liwiro lao ndi makilomita 300,000 pa sekondi imodzi, motero makinawo amawerengera nthawi imene yapita ndi kudziwa pamene pali mvula.

Mafunde akabwerera ambiri, ndiye kuti mvula ndi yaikulu, ndipo pa cithunzi malowo amaoneka ofiira. Radar ya mtundu wa Doppler imaonetsanso ngati madontho akubwera kapena akupita, ndi mphamvu ya mphepo imene ikuwakankha. Poyerekeza zithunzi zotsatizana, akatswiri amadziwa kumene mkuntho ukulowera.

Makinawa ali ndi malire. Amaona bwino mpaka makilomita pafupifupi 200, ndipo mapiri amawachinga. Cifukwa cace anamondwe a pakati pa nyanja amalondoledwa ndi masetilaiti. Namondwe Freddy analondoledwa motero kwa masabata asanu mu 2023, kucokera kufupi ndi Australia mpaka ku Mozambique ndi kumwera kwa Malawi, kumene anthu mazanamazana anafa ndi madzi osefukira ndi matope a m'mapiri.

Dziwaninso kuti radar siinena ngati caka cidzakhala ca cilala. Imaona mvula imene ili kale m'mitambo, ndipo cenjezo lace ndi la maola ocepa cabe. Koma maola amenewo akwanira kupulumutsa moyo ngati uthenga wafika kwa anthu. Tsono mukamva cenjezo la a Zambia Meteorological Department pa wailesi kapena pa foni, citani izi:

1. Uzani anansi, makamaka okalamba ndi amene alibe wailesi.
2. Itanani ana ali kubusa, ndipo cotsani ziweto kudambo.
3. Ikani mbeu, ufa ndi feteleza pamalo okwera ndi ouma.
4. Musaoloke mtsinje wodzala, ngakhale kwanu sikunagwe mvula. Madzi amacokera kumtunda.
5. Musabisale pansi pa mtengo pamene kuli ziphaliwali.

Akulu a mpingo ndi amai a cigwirizano, gwirizanani lero lomwe za munthu wofalitsa cenjezo m'mudzi uliwonse. Mbeu imene tinaisunga movutika isapite ndi madzi usiku umodzi.