Fupa ndi lamoyo

Tikudziwa kuti ambiri mwachokera kumunda ndipo msana ukuwawa. Tsono lero tikambirane za msana womwewo ndi mafupa ena onse a m'thupi mwathu.

Tikadya nyama ya mbuzi, fupa timaponyera galu. Likakhalitsa padzuwa limauma ngati nkhuni. Nchifukwa chake ambiri timaganiza kuti mafupa athu ndi mitengo chabe yogwiriziza thupi. Si choncho ayi. Fupa la munthu wamoyo nalonso ndi lamoyo. Muli mitsempha ya magazi. Limadya, limakula, limamva kuwawa, ndipo likathyoka limadzilumikiza lokha.

Munthu wamkulu ali ndi mafupa 206. Chigaza chimateteza ubongo. Nthiti 24, mbali iyi 12 mbali inayo 12, zimatchinga mtima ndi mapapo. Fupa lalitali kuposa onse ndi la m'ntchafu. Laling'ono kwambiri lili m'kati mwa khutu, ndipo silifika ngakhale pa kambewu kamodzi ka mpunga. Mukudziwa mafuta aja ana amalimbirana kuyamwa m'fupa la ng'ombe? Nafenso tili nawo. Ena ndi achikasu, ena ndi ofiira. Ofiirawo, amene ali m'mafupa a m'chiuno, a msana ndi m'nthiti, ndiwo amapanga magazi athu tsiku ndi tsiku.

Khanda limabadwa ndi mafupa ambiri kuposa mayi wake, oposa 270, ndipo ambiri ndi ofewa. Mwana akamakula, ena amalumikizana nkukhala fupa limodzi. Amayi, inu mumadziwa bwino liwombo. Ndi mpata umene uli pakati pa mafupa a mutu amene sanakumane. Mpatawo umathandiza mutu kudutsa pobadwa, ndiponso umapatsa ubongo malo okulira. Umatsekeka wokha mwana asanakwane zaka 2 kapena chapomwepo. Pano timvetsetsane. Liwombo likalowa m'kati pamene mwana akutsegula m'mimba, vuto si fupa. M'thupi mwa mwanayo madzi atha. Kumata mankhwala pamutu sikubweza madzi. Muyamwitseni, mumwetseni madzi a mchere ndi shuga a m'mapaketi a kuchipatala, ndipo mupite naye tsiku lomwelo.

Mafupa a mikono ndi miyendo amatalika chakumapeto kwake, pafupi ndi mfundo. Amaleka kutalika munthu akamayandikira zaka 20, ndipo atsikana amaleka msanga kuposa anyamata. Koma kudzikonza sikuleka. Thupi limagumula fupa lakale pang'onopang'ono nkumanga latsopano, monga mmene timamatiranso nyumba dzinja likatha.

Chomangira chake ndi mchere wina wotchedwa kashiamu. Sitifunika kuufuna kutali. Kapenta wa ku Cahora Bassa ndi matemba, zimene timadya ndi minga yomwe, zili nawo wambiri. Ulinso mu mkaka, mawere, bonongwe, nyemba ndi malambe. Dzuwa likawomba pakhungu limathandiza thupi kulandira mcherewo. Nsima yokha imakhutitsa, koma simanga fupa.

Nanga fupa likathyoka? Kuno ku Chifunde timaziona: mwana wagwa mu mtengo wa mango, ngolo yagubuduka ndi fodya, njinga yamoto yagwa pa msewu wopita ku Cassacatiza. Pamalo pothyokapo magazi amaundana. Pakatha milungu iwiri kapena itatu, pamamera chinthu chofewa chogwira zidutswa ziwirizo. Kenaka chimauma nkukhala fupa. Mkono wa mwana ungathe kugwira pa milungu 4 kapena 6. Munthu wamkulu amafuna milungu 6 mpaka 12, ndipo ntchafu imatenga nthawi yoposa pamenepo. Osuta fodya amachedwa kupola.

Koma tamverani: fupa lilibe maso. Limagwira mmene mwalisiyira. Mukalisiya lokhota, lidzagwira lokhota, ndipo munthuyo adzatsimphina kapena kulephera kugwira khasu moyo wake wonse. Tikudziwa kuti m'midzi mwathu muli akuluakulu odziwa kumanga nsungwi pa mwendo, ndipo sitikuwanyoza. Koma nawonso saona m'kati mwa mnofu. Makina a X-ray, amene kuwala kwake anakutulukira Wilhelm Röntgen ku Germany m'chaka cha 1895, ndiwo amaonetsa mmene fupa lagonera. Ku chipatala chachikulu cha ku Tete amajambula, amawongola, nkuika chikhakha.

Ntchito yathu kumudzi ndi kumfikitsa wovulalayo osawonjezera vuto. Musakoke, musatsine, musateme mphini. Tengani nsungwi kapena thabwa, kulungani nsalu, mumange kumtunda ndi kumunsi kwa pothyokapo kuti pasagwedezeke. Musamange kwambiri. Zala zikazizira, zikachita dzanzi kapena kusintha mtundu, masulani pang'ono. Ngati fupa latulukira kunja, musalibwezere m'kati, ndipo musathire dothi, phulusa kapena masamba. Phimbani ndi nsalu yoyera, mufulumire, chifukwa bala lotere limaola msanga ndipo lingabweretse kafumbata. Munthu amene wavulala khosi kapena msana asakhazikidwe pa njinga. Mgonekeni pa chitseko, mumnyamule anthu anayi, mutu usatembenuke.

Ndipo chikhakha chikaikidwa, musachidule nokha chifukwa choti mvula yagwa ndipo munda ukudikira. Kuwawa kumatha fupa lisanalimbe. Munda tidzathandizana kulima ife a m'kalasi muno.

Tsopano tengani makope ndi mapensulo. Pa bolodi talembapo mawu awiri: fupa, mafupa. Tiyambe ndi fu.