Mwana Wosamva Naye Alowe M'bwalo



Ine ndaimirira kulankhulira ana osamva. Akamaliza pulaimale ku Mua kapena ku Bandawe, ena amasankhidwa kupita ku sekondale wamba, komwe anzawo sadziwa chinenero cha manja. Pa msinkhu umenewu mwana amafuna anzake. Akawasowa m'kalasi, amakawafuna ku bwalo la mpira, koma kumenekonso timamusiya panja, ati sangamve wezulo.

Nkhani ya wezuloyi njosavuta. Pa masewero a Deaflympics, amene anayamba ku Paris mu 1924, woyimbira mpira amakweza mbendera ndipo osewera amaona. Ife a ku Nkhotakota si zachilendo: mwera ukamawomba, asodzi m'mabwato amamvana ndi manja.

Choncho ndikupempha ziwiri. Pa zopereka zathu za chaka chino tigulepo mbendera ndi mipira. Komanso tipemphe bungwe la anthu osamva la MANAD lidzaphunzitse mphunzitsi wa zamasewero ndi makaputeni athu chinenero cha manja. Tikapanda kutero, mwanayo adzakula akuonerera anzake ali kunja kwa mzere.