Mitu Iwiri Imene Ndinaidumpha

Mau awa anayankhula ndi mnzathu wina amene amalemba mapulogalamu a kompyuta, pa msonkhano wathu wapachaka. Tawasindikiza kuti amene sanathe kufika nawonso amve.

A Wapampando, aphunzitsi athu akale, amayi ndi abambo, ndi inu nonse amene tinkalimbirana nsima ya mgaiwa ndi nyemba zofumbwa m'holo muja, ndikupatsani moni.

Komiti yathu ikuganiza zochotsa kaundula wa mamembala ndi zopereka zawo m'buku la msungichuma kuti zilowe m'kompyuta. Ine ndikugwirizana nazo. Koma tisanakweze manja, ndiloleni ndikuuzeni mmene ndinaphunzirira ntchito imeneyi, ndi mmene ndinalakwira.

Tonse tikukumbukira kuti pasukulu pano aliyense anali ndi nambala yake. Aphunzitsi anali ndi kaundula wa maina, ndipo ku ofesi kunali buku lina la fizi. Chimene chinkalumikiza mabuku awiriwo ndi nambala ija. Chimene amachitcha relational database chimagwira ntchito chimodzimodzi. Nkhani zimasungidwa m'matebulo osiyana, la maina palokha, la ndalama palokha, ndipo nambala ndiyo imasonyeza kuti mzere uwu ndi wa munthu uyu. Maganizowa anawalemba ndi Edgar Codd, Mngelezi amene ankagwira ntchito ku kampani ya IBM ku San Jose, m'chaka cha 1970. Mu 1974 anzake awiri, Donald Chamberlin ndi Raymond Boyce, anayambitsa chinenero chofunsira matebulowo, chimene lero timachitcha SQL.

Kalaliki wa pa kauntala salemba SQL. Iye amangodinda mabatani, ndipo pulogalamu ndiyo imalankhula ndi database m'malo mwake. Kulemba kukambirana kumeneku ndiyo ntchito yanga. Ndinaiphunzira m'buku lochindikala limene ndinagula kwa ogulitsa mabuku akale m'mbali mwa msewu ku Limbe. Linkaphunzitsa chinenero cha Java ndi njira yake yofikira ku database yotchedwa JDBC, imene inatuluka mu 1997.

Mitu yoyamba inali yokoma. Inati pali zinthu zinayi: tsegula njira yopita ku database, tumiza funso lako, werenga mizere imene yabwera, kenaka tseka njirayo. Usiku umodzi wokha ndinaona maina amene ndinalowetsa akubwera pa kompyuta yanga, ndipo ndinadzimva katswiri. Mitu iwiri yotsatira ndinangoivundukula, ndinaona ngati ndi zotayitsa nthawi, n'kulitseka bukulo. Akuluakulu anati kuthamanga sikufika, koma ine ndinali nditafika kale m'maganizo mwanga.

Patapita miyezi, bungwe lina la alimi losunga ndi kubwereketsa ndalama linandipatsa ntchito yowalembera pulogalamu. Munthu akabweza ngongole, pulogalamuyo inkachita zinthu ziwiri: kulemba ndalamazo m'tebulo la zolowa, kenaka kuchepetsa ngongole ya munthuyo m'tebulo la ngongole, pamodzi ndi mau amene kalaliki walemba. Ndinaiyesa ndi maina ochepa ndipo zonse zinayenda.

Mvula itayandikira, mayi wina anabwera kudzatenga ngongole ya feteleza. Kompyuta inati ali ndi ngongole yakale. Mayiyo anati anabweza yonse. Kalaliki anakhulupirira kompyuta, ndipo anawabweza anthu ena akuona. Anayenda ulendo wautali kubwerera kumudzi, nabweranso patapita masiku ali ndi lisiti lawo atalikulunga m'pepala la pulasitiki. Ndipamene anandiitana.

Ndinafufuza mpaka usiku, ndipo cholakwa chinali changa. Tsiku limene mayiyo anabweza, kalaliki analemba kuti "wabweza pang'ono potsala". Mu SQL, kachizindikiro kamene timaika pakati pa ng ndi ono ndi kamene kamatsegula ndi kutseka mau. Ine ndinkangomata zolemba za kalaliki m'kati mwa lamulo la SQL, choncho database itafika pa kachizindikiroko inayesa kuti mau athera pomwepo, ndipo zotsalazo sinazimve. Inakana lamulolo. Taganizani, anzanga, kuchuluka kwa mau athu okhala ndi kachizindikiro kameneka: ng'ombe, m'mudzi, mng'ono, ndiponso maina ngati Ng'oma ndi Ng'ambi.

Ndinabwerera ku buku lija, ndipo mutu woyamba umene ndinaudumpha unkanena zomwezi. Unati usamate mau a munthu m'lamulo. Lemba lamulolo palokha, pamalo pa mauwo ika chizindikiro cha funso, ndipo mauwo uwatumize padera. M'Java amachitcha PreparedStatement. Unachenjezanso kuti khomo lomwelo ndilo mbava zimalowera: munthu wochenjera atha kulemba lamulo lake m'malo molemba dzina, n'kuwerenga kapena kufufuta tebulo lonse. Kuba kotere kumatchedwa SQL injection, ndipo kunalembedwa poyera kuyambira mu 1998.

Mutu wachiwiri unayankha funso limene linandisowetsa tulo: bwanji ndalama zinalembedwa koma ngongole osachepa? JDBC ukapanda kuiuza, imasunga lamulo lililonse palokha likangotha. Loyamba linasungidwa, lachiwiri linagwa, ndipo pulogalamu yanga inakhala chete chifukwa sindinaiuze chochita zikavuta. Bukulo linati ntchito zoyendera limodzi uzimange mtolo umodzi, umene amautcha transaction. Zonse zikatheka umanena kuti commit, ndipo zimasungidwa. Chimodzi chikalephera umanena kuti rollback, ndipo zonse zimabwerera mwakale, kalaliki n'kuuzidwa kuti ayambirenso. Zikanatero, cholakwacho chikanaoneka tsiku lomwelo mayiyo ali pa kauntala.

Kukonza zonsezi kunanditengera tsiku limodzi. Mayiyo analandira ngongole yawo, koma anathira feteleza mochedwa, ndipo manyazi amene anachita pamaso pa anzawo sindikanatha kuwafufuta. Ndinapita ndekha kukapepesa. Anandimvera bwinobwino, kenaka anati ndisamale chifukwa si onse amasunga malisiti.

Tsono pempho langa kwa komiti ndi ili. Aliyense amene adzatilembere pulogalamu, ngakhale ine ndemwe, mudzamufunse mafunso atatu. Kodi ikalandira dzina lokhala ndi kachizindikiro kaja imatani? Kodi magetsi akazima ntchito ili pakati, chimasungidwa n'chiyani? Kodi kope lina la nkhani zathu limasungidwa kuti, ndipo munayesapo kulibwezeretsa? Asangoyankha ndi pakamwa, akuonetseni. Ndipo a msungichuma, buku la malisiti lija musalitaye.

Kwa ana athu amene akufuna ntchito imeneyi, auzeni kuti sipafunika ndalama zambiri poyamba. PostgreSQL ndi SQLite ndi zaulere, ndipo kompyuta yakale imakwana. Koma buku aliwerenge mpaka kumapeto, makamaka mitu imene ikuoneka yotopetsa. Langa lija ndabwera nalo, ndipo ndikulipereka ku laibulale ya sukulu yathu. Mitu iwiri ija ndaipinda pakona kuti aipeze msanga.