Phulusa la Pamafuwa ndi Ukhondo wa Mbale Zathu

M'pologalamu yathu ya zachilengedwe lero sitipita kutchire kapena kumtsinje. Chinthu chimene tikambirane chili m'khitchini mwanu momwemo, pakati pa mafuwa atatu, ndipo mwina m'mawa uno mwachiwola n'kukachitaya kudzala. Tikunena phulusa.

Mtengo ukamakula umayamwa michere m'nthaka n'kumaisunga m'thunthu, m'makungwa ndi m'masamba. Tikausonkha pamoto, mbali yaikulu imapita ndi utsi ndi malawi, koma yambiri mwa michere ija siipsa. Ndiyo imatsala ngati fumbi lotuwa. M'fumbi limeneli muli laimu wambiri, komanso mchere wina wotchedwa potashi, umene umasungunuka msanga ukakumana ndi madzi. Amayi a kuno ku Angónia amaudziwa bwino mcherewu ngakhale sautchula dzina limenelo. Mukaotcha zitsononkho kapena makoko a nyemba, n'kuika phulusa lake m'chiwiya chobowola pansi, n'kuthirapo madzi, zimene zimadontha pansi ndi chidulo chimene mumafewetsera therere ndi nkhwani. Mphamvu imene imafewetsa masamba mumphika ndi yomweyo imene imachotsa mafuta pambale.

Tayesani izi mukaweruka. Tapani phulusa pang'ono, mulinyowetse, mulitikite pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala. Poyamba mumva kukhakhala, kenako zala ziyamba kuterera. Kuterera kumeneko ndi potashi amene wayamba kugwirana ndi mafuta a pakhungu lanu n'kuwasandutsa sopo. Mu poto wa nyama ya nkhumba mumachitikanso zomwezo: phulusa lonyowa likakumana ndi mafuta otsalira, limapanga sopo pomwepo, ndipo tinjere take timathandiza kukwecha. Anthu a ku Babulo ankaphika mafuta ndi phulusa kupanga sopo zaka zoposa 4,000 zapitazo.

Achibale amene anagwirako ntchito m'nyumba za ku Johannesburg kapena ku Maputo amasimba za makina otsuka mbale. Mayi wina wa ku America, Josephine Cochrane, ndiye analembetsa ku boma makina otere mu 1886. Masiku ano makinawa amafaira mbale madzi otentha madigiri 50 mpaka 70, osakaniza ndi ufa umene mbali yake yaikulu ndi mchere wa mtundu umodzi ndi wa m'phulusa, kenako amatsukuluza ndi madzi oyera n'kuumitsa. Eni ake akamadandaula kuti mbale zatuluka zonona, kawirikawiri vuto limakhala madzi osatentha mokwanira, mbale zothinana kapena kasefa kodzaza ndi nyenyeswa. Ife tilibe makinawo, koma zimene zimalepheretsa mbale kuyera kwathu kuno n'zofanana kwambiri.

Tiyambe ndi kutentha kwa madzi, chifukwa kuno ku mapiri a Angónia nkhaniyi ndi yaikulu. M'miyezi ya Juni ndi Julaye, pamene mame amachita kuluma mapazi, mafuta a nkhumba kapena a mbuzi amaundana pambale mpaka kuyera mbee. Mukawathira madzi ozizira a pachitsime, mungakweche mpaka dzanja kutopa, mafutawo mumangowasuntha kuchoka pakati kupita m'mphepete. Phulusa limagwira bwino ntchito m'madzi ofunda. Choncho mukaphula nsima, tsirani madzi mu poto n'kumubwezera pamakala otsalawo. Pomwe banja likumaliza kudya, nkhoko zafewa ndipo madzi otsukira afunda, popanda kuwonjezera nkhuni.

Phulusa lake likhale la tsiku lomwelo, lotapa pamoto litazizira, osati la kudzala kumene nkhuku ndi agalu zapondaponda. Lisefeni kuchotsa makala ndi timisomali. Ndipo apa ndikupempheni ndi mtima wonse: phulusa la moto umene mwaponyapo majumbo, mabatire akutha, matabwa opaka penti, kapena mapaketi a mankhwala opopera mbatata ya kachewere, lisayandikire mbale imene mwana adyeremo. Kuno timapopera kwambiri m'madimba, ndipo chizolowezi chotentha zotsalazo pamoto wophikira n'choopsa.

Palinso ziwiya zimene sizigwirizana nalo. Poto wa aluminiyamu mukamusiya ndi madzi a phulusa usiku wonse amada, ndipo pang'onopang'ono amadyeka. Mukwecheni n'kumutsukuluza nthawi yomweyo. Mbale zapulasitiki zimakalika, ndipo m'mikwingwirima imeneyo mumabisala litsiro. Manja nawo amauma ndi kung'aluka ngati akhalitsa m'phulusa lonyowa, makamaka m'chisanu, ndiye gwiritsani ntchito chinkhupule kapena khoko la chimanga, ndipo mukamaliza musambe bwino.

Koma malo amene ambiri timagwera ndi potsukuluza. Mbale yakwechedwa bwinobwino, kenako ikuviikidwa m'beseni limene mwadutsa kale mbale khumi, madzi ake atasanduka phala. Ikatuluka mmenemo ikupukutidwa ndi kansalu konyowa kamene kapukuta manja, tebulo ndi mphuno ya mwana. Ntchito yonse ya phulusa yathera pomwepo. Sitinaiwale kolera wa 2022 ndi 2023, amene anapha anthu oposa 1,700 kutsidya ku Malawi ndipo anafikanso m'chigawo chathu cha Tete. Tizilombo ta matenda amenewa timayenda ndi madzi ndi chakudya, ndipo mbale yooneka yoyera ikhoza kutinyamula. Tsukuluzani pothira madzi ndi chikho kuti azigwera pansi, madziwo akhale a pamjigo kapena othira mankhwala, ndipo mbale muzivundikire pathandala kuti dzuwa ndi mphepo ziumitse. Thandala likhale lalitali moti mbuzi ndi galu asafikire, ndipo pansi pake muikepo timiyala kuti pasachite matope.

Sindikunena kuti mutaye sopo. Pamene sopo alipo, ndiye woyamba, makamaka posamba m'manja pochokera kuchimbudzi. Koma mwezi ukafika pakati, ndalama ya fodya itatha, palibe chifukwa choti banja lidyere m'mbale zonona pomwe phulusa lili pamafuwa.

Lotsala musalitayenso chisawawa. Lina muwaze m'chimbudzi kuti fungo ndi ntchentche zichepe. Lina likathandiza m'munda wa nyemba kapena kabichi, chifukwa limachepetsa asidi m'nthaka n'kubwezeramo potashi. Koma inu alimi a kachewere a ku Tsangano ndi ku Domwe, musalichulutse pamizere ya mbatata, chifukwa nthaka ikachepa asidi mbatata imachita nkhanambo pakhungu ndipo ogula pamsika amaitsitsa mtengo.