Mwana wa Mmwenye ndi Mwana wa Mcewa pa Sukulu ya Ukacenjede

Munthu ali yense wocokera ku Katete kapena ku Sinda, ngakhale atakhala zaka makumi awiri ku migodi ya ku Kitwe kapena ku Mufulira, saiwala sitolo ya Mmwenye. Kumeneko ndiko makolo anali kugula nsaru, mcere, makasu ndi palafini atagulitsa mtedza wao. Mwana wa mwini sitolo anali kukhala kuseri kwa thebulo, nathandiza atate wace kuwerenga makobiri. Mwana wa Mcewa anali kuima kutsogolo kwa thebulolo pamodzi ndi amai wace. Ana awiriwa anali kumvana bwino, pakuti Amwenye a Kum'mawa alankhula Cinyanja cosalala ndithu, koma sanali kukhala pa mpando umodzi m'sukulu.

Amwenye oyamba anafika ku Fort Jameson, kumene lero kuchedwa Chipata, m'caka ca 1905. Ambiri a iwo anali Asilamu ocokera ku Gujarat, ndipo pang'ono pang'ono anamanga masitolo m'mbali mwa mseu wopita ku Lusaka. Boma la atsamunda linawaika pakati: sanawerengedwe Azungu, sanawerengedwenso eni dziko. Pamene Citaganya cinayamba m'caka ca 1953, maphunziro a Azungu, Amwenye ndi Makaladi anaperekedwa m'manja mwa Boma la ku Salisbury, koma maphunziro a Afrika anatsala m'manja mwa Boma la Northern Rhodesia ndi amishoni. Motero mnyamata wa ku Sinda akacita mwai anali kupita ku Chassa kwa Abale a Marist, ndipo mnzace wa kusitolo anali kupita ku sukulu ya Amwenye okha-okha.

Sukulu ya ukacenjede yoyamba m'Citaganya, University College of Rhodesia and Nyasaland, inalandira ophunzira 68 ku Salisbury m'caka ca 1957. Inanenedwa kuti ndi ya mitundu yonse, ndipo m'zipinda zophunziriramo zinalidi tero. Koma dzuwa likalowa, ali yense anali kupita ku nyumba ya khungu lace. Pa za kumene akagone Sarah Chavunduka, mkazi woyamba wa Ciafrika pa sukuluyo, panabuka mkangano waukuru. Anthu ophunzira kwambiri kukangana cifukwa ca mtsikana mmodzi wofuna pogona!

Zambia atalandira ufulu m'caka ca 1964 anali ndi ana ace pafupi-fupi 100 okha amene anatsiriza maphunziro a ukacenjede. Anthu wamba a m'midzi ndi a ku migodi anasonkha zopereka zao, ndipo University of Zambia inatsegulidwa m'caka ca 1966 ndi ophunzira 312. Nyumba zace zazikuru zinamangidwa pambali pa Great East Road, mseu womwewo wodutsa pa Sinda ndi pa Katete. Tsankho la m'masukulu linathetsedwa. Ndipo panaoneka cinthu cina cacilendo: popeza aphunzitsi anali kusowa, Boma linalemba ambiri ocokera ku India kudzaphunzitsa masamu ndi sayansi. Anyamata amene anali kudziwa Mmwenye monga wogulitsa nsaru tsopano anamuona ataima pa bolodi ndi coko m'manja.

Koma khomo likatseguka sindiko kuti onse alowa. M'mwezi wa April 1968, pa Mulungushi, Dr. Kenneth Kaunda analengeza kuti malonda a m'midzi asiyidwe kwa mbadwa za dziko. Amwenye amene sanatenge umbadwa wa Zambia anayenera kugulitsa kapena kutseka masitolo ao. Makolo ambiri anaona pamenepo kuti sitolo si colowa codalirika, nayamba kukakamiza ana ao kuphunzira udokotala, malamulo ndi kuwerengera cuma. Zimenezo zinali zabwino. Cobvuta ncakuti amene anali ndi ndalama anatumiza anawo ku Britain, ku India ndi ku Canada, ndipo ena sanabwerenso. Amwenye ndi owerengeka kale m'dziko lino, tsono pa sukulu za ukacenjede za Boma anacepa koposa.

Apa mbali zonse ziwiri zinataya kanthu. Mnyamata wa ku Vubwi, kufupi ndi malire a Malawi ndi Mozambique, amene makolo ace anagulitsa ng'ombe kuti afike ku Lusaka, akatsiriza maphunziro osagonapo cipinda cimodzi ndi Mmwenye adzamdziwa monga bwana wolemba nchito basi, ndipo madandaulo onse a malipiro adzawasenzetsa mtundu wonse. Nayenso Mmwenye wophunzira ku London akabwera kwao apeza kuti dokotala wa pa cipatala, woweruza milandu ndi kalaliki wa pa Boma adziwana kuyambira kusukulu, koma iye sadziwa ndi mmodzi yemwe.

Inu a ku migodi mudziwa bwino m'mene mitundu izolowerana: ndi pa nchito imodzi, pa mbale imodzi ndi pa maliro. Momwemonso pa University of Zambia ndi pa Copperbelt University, imene inayamba ku Kitwe m'caka ca 1987, Alozi, Atonga, Abemba, Angoni ndi Acewa aphikira pamoto pamodzi nabwerekana mabuku. Pamenepo cimbuya ca Abemba ndi anthu a Kum'mawa cimveka tsiku ndi tsiku, awa kunena za anyani, awo kunena za mbewa. Mmwenye wobadwira ku Katete akangotsegula pakamwa ndi Cinyanja cace ca kwao, Mbemba sacedwa kumfunsa ngati wabwera nazo mbewa zoocha, cinkana iye sanalawepo ndi kamodzi komwe.