Wakutsina khutu ndi mnansi: mawu a mlendo wolemekezeka ku Manjawira



Ndathokoza kwambiri pondiitana kuno ku Manjawira. Tasonkhana chifukwa cha pulogalamu yatsopano ya pa foni yotumizirana timakanema tatifupi, imene ena mwa inu mwakhala mukuiyesa. Ana athu amene anaipanga abwera ndi makope ndi zolembera kuti amve zimene mwaona. Iwo achita gawo lawo. Gawo lotsalalo lili pakamwa panu, ndipo mawu anga onse lero agona pa pempho limodzi: auzeni zoona.

Mwina wina akudzifunsa kuti, kodi mawu a mlimi wa nandolo angasinthe chiyani pa zinthu za intaneti? Ndiloleni ndikukumbutseni mmene mapulogalamu odziwika pa dziko lonse anayambira. Instagram poyamba sinali Instagram. Mu 2010, ku America, Kevin Systrom ndi mnzake Mike Krieger anali ndi pulogalamu yotchedwa Burbn, yodzaza ndi zochitika zambirimbiri. Ataonetsetsa, anapeza kuti anthu oyamba kuigwiritsa ntchito zambirizo sankazilabadira, ankangokonda kutumizirana zithunzi. Awiriwo sanalimbane nawo. Anachotsa zinazo n'kusiya zithunzi, ndipo mu Okutobala chaka chomwecho Instagram inabadwa. Mu 2012 kampani ya Facebook inaigula pa mtengo wa madola 1 biliyoni. Nako kachizindikiro kaja timati hashtag, maganizo ogwiritsa ntchito kameneka pa Twitter anabwera mu 2007 kuchokera kwa Chris Messina, munthu amene sankagwira ntchito ku kampaniyo. Eniake anadzakavomereza pambuyo pake, ataona kuti anthu akukagwiritsa ntchito kwambiri.

Koma tisapite kutali. Anansi athu a ku Balaka ali ndi chitsanzo chimene ambiri mukuchidziwa, Chipatala cha pa Foni. Maganizo ake anachokera kwa Amalawi awiri, a Soyapi Mumba ndi a Clement Mwazambumba, pa mpikisano wofuna nzeru zopulumutsira amayi ndi ana. Ntchitoyi inayamba mu 2011 m'boma la Balaka, bungwe la VillageReach likugwirizana ndi Unduna wa Zaumoyo. Poyamba inali ya amayi oyembekezera ndi ana aang'ono okha. Mayi ankaimba foni kwaulere n'kufunsa, ndipo ankalandiranso timauthenga tatifupi tomukumbutsa za sikelo ndi kasamalidwe ka mwana. Popeza si onse amatha kuwerenga, uthengawo unkapezekanso wa mawu, womvera ndi khutu. Anthu atazolowera, anayamba kubwera ndi mafunso a matenda ena, a kadyedwe, a umoyo wa achinyamata. Oyendetsa ntchitoyo anamvera, anaikulitsa, ndipo inafalikira m'maboma onse 28 mpaka boma linaitenga kukhala yake. Amayi a m'midzi ya Balaka amene ankaimba foni masiku oyambirira aja ndiwo anaisula ntchito imene dziko lonse likudalira lero.

Tsono vuto lathu ife Amalawi ndi ulemu. Ulemu ndi chuma chathu, ndipo sindikufuna kuti uthe. Koma tinaleredwa kuti mlendo akafunsa mmene zinthu zilili, timayankha kuti zili bwino, ngakhale pamene sizili bwino. Lero yankho limenelo liwapweteka ana awa. Akabwerera atangomva kuti zili bwino, akawononga ndalama ndi nthawi pa chinthu chimene inu mudzachichotsa m'foni mwakachetechete. Makolo athu anati wakutsina khutu ndi mnansi. Lero unansi wanu kwa achinyamatawa uoneke pa kuwatsina khutu.

Ndiye munene zimene zinakuchitikirani, mwatsatanetsatane. Mayi anga, ngati munagula bandulo ya tsiku limodzi ndi ndalama ya tomato, n'kuonera timakanema titatu, bandulo n'kutheratu musanatumize uthenga kwa mwana wanu ku Joni, nenani zimenezo. Bambo anga, ngati munaima pachulu foni ili m'mwamba, kachizungulire kaja kakungozungulira pagalasi osatseguka, nenani malo amene munaima ndi nthawi yake. Ngati foni inatentha n'kutha moto mutangoitenga kumene kotchajitsa, kumene munalipira, zimenezonso ndi nkhani. Ngati munafuna kutumiza kanema wa chimanga chogwidwa ndi mbozi kuti alangizi aone, koma mabatani onse ali m'Chingerezi ndipo munasokonezeka, musachite manyazi. Cholakwa chili pa pulogalamu, ndipo okonza ake ndi awa akhala apawa. Munthu amene wanena kuti "inandikanika pofuna kutumiza, Lachiwiri madzulo, ndili kudimba" wathandiza kuposa anthu khumi amene anena kuti ndi yabwino.

Munenenso zimene zinakusangalatsani, chifukwa pamenepo m'pamene pali tsogolo la pulogalamuyi. Mwina eniake ankaganiza za magule ndi nthabwala, koma inu mwaiona kuti ndi yothandiza poonetsa ogula mbuzi zanu, kapena pouzana mtengo wa nandolo musanagulitse kwa mavenda. Manjawira ili m'mbali mwa msewu wa M1, magalimoto a pakati pa Blantyre ndi Lilongwe amadutsa pakhomo panu usana ndi usiku. Kanema wa masekondi 30 woonetsa katundu amene muli naye akhoza kuimitsa wogula amene akanangodutsa. Ngati mwayamba kale kuigwiritsa ntchito m'njira imene eniake sanaiganizire, auzeni lero.

Tsopano nditembenukire kwa inu achinyamata amene mwapanga pulogalamuyi. Ndikukunyadirani, ndipo chifukwa chokunyadiraniko ndikupemphani zinthu zingapo.

Munthu akamadandaula, musamudule mawu kuti mumufotokozere mmene anayenera kuchitira. Lembani. Akamaliza, mupempheni akuonetseni ndi chala chake pa foni yake, inu manja mutapinda. Mudzaona pamene chala chikuima n'kukayikira, ndipo pamenepo ndiye pali ntchito yanu.

Musamvere okhawo amene amayankhula kwambiri pamsonkhano. Anyamata a foni zamakono adzakuuzani zambiri, koma m'nyumba zambiri kuno foni ndi imodzi, yobwerekana pakati pa bambo, mayi ndi ana, ndipo nthawi zambiri mayi ndi mwana wamkazi ndiwo amaigwira komalizira. Khalani nawo paokha amayiwo. Mufunenso amene anaika pulogalamuyi n'kuichotsa. Amenewo mwina sanabwere n'komwe lero, koma ali ndi yankho limene mukulifunitsitsa.

Mukamva, mudzabwerenso kudzanena zimene mwakonza ndi zimene zakukanikani. Anthu a kumudzi atopa ndi alendo amene amabwera ndi mafunso, kulemba mayina, n'kupita osadzaonekanso. Kumbukirani Vine, pulogalamu ya timakanema ta masekondi 6 imene inayamba mu 2013 n'kutchuka kwambiri. Ojambula ake odziwika ataona kuti thukuta lawo silikuwapindulira, anasamukira ku YouTube ndi Instagram, ndipo mu Januwale 2017 Vine inatsekedwa. Anthu amene adandaula osayankhidwa amachoka.

Nkhani ya phindu imeneyi ndiyofunika kuiganizira kuyambira pano. Tonse tikuwadziwa agogo athu a Giddes Chalamanda a ku Chiradzulu, amene anabadwa mu 1930. Nyimbo yawo ya Linny Hoo, ataiimbanso ndi Patience Namadingo mu 2020, inafalikira pa TikTok mpaka kuonedwa koposa ka 80 miliyoni. Anthu a mayiko akutali anavina nyimbo ya munthu wa zaka zoposa 90 wa m'mudzi ngati uno. Izi zikutiuza kuti luso la kumudzi lili ndi msika waukulu. Zikutisiyiranso funso: kanema akayenda mtunda wotere, mwini luso amatsala ndi chiyani m'thumba? Gulu la ngoma la kuno ku Ntcheu likajambulidwa n'kutchuka pa pulogalamu yanu, ovinawo adzapindula bwanji? Funso limeneli mulifunse lero, mafumu ali pomwepa.

Pomaliza, chenjezo kwa tonse. Kanema wamfupi amathamanga kuposa kupepesa. Musajambule munthu osamupempha. Musajambule mwana popanda chilolezo cha makolo ake. Ngozi ikachitika pamsewu apa, thandizani ovulala m'malo mowaloza ndi foni, kuti abale awo asamve za maliro kudzera pa kanema. Dziko lathu lili ndi lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016, limene limaletsa kuzunza ndi kuopseza anthu pa intaneti komanso kufalitsa zolaula za ana. Inu opanga pulogalamu, ikani njira yosavuta, ya m'Chichewa, yoti munthu wochitiridwa chipongwe adandaulire ndipo kanemayo achotsedwe msanga. Inu makolo ndi aphunzitsi, ngati mwaona china chokudetsani nkhawa pa zimene ana akuonera, malo onenera ndi ano.

Mafumu anga, ndikupempha kuti mukhale oyamba kuyankhula, kuti anthu anu amasuke. Amayi, mubwere pambuyo pa mafumu, abambo ndi anyamata adikire pang'ono. Aliyense anene chimodzi chimene chinamuvuta ndi chimodzi chimene akufuna chikhalepobe.

Ndi mawu amenewa, ndikulengeza kuti zokambirana zathu zatsegulidwa. Mulungu adalitse Manjawira, Mulungu adalitse Malawi.