Katemera Wosafika kwa Mwana Sateteza

Akuluakulu pakati panu akukumbukira nthomba, nthenda imene inkapha anthu osaŵerengeka, niisiya opulumuka ndi zipsera kumaso, ena ali akhungu. Ana athu saidziŵa. Kodi inatha bwanji?

Edward Jenner, sing'anga wa ku England, anapeza katemera wake m'chaka cha 1796. Komabe nthomba inasautsabe anthu zaka zina zoposa 170, pakuti katemerayo sankafika kwa onse, ndipo m'maiko otentha ankaonongeka asanafike kumidzi. Akatswiri atadziŵa kumuumitsa kuti azipirira kutentha, bungwe la WHO linalimbitsa nkhondoyi m'chaka cha 1967, ndipo otemera anayenda mudzi ndi mudzi. Nthendayi inaleka kufala mu 1977, itathera ku Somalia, ndipo mu 1980 kunalengezedwa kuti yatheratu pa dziko lonse lapansi.

Phunziro lomweli likutikhudza ife pa nkhani ya malungo. M'chaka cha 2019 Malaŵi anali dziko loyamba kupereka katemera wa malungo kusikelo ya ana, kenaka Ghana ndi Kenya. Mwana amayenera kumlandira kanayi, kuyambira ali ndi miyezi 5, ndipo kachinayi kamadza atayandikira zaka 2. Apa ndi pamene makolo angaiŵale, poona kuti mwana akuthamanga bwino. Katemerayu amachepetsa malungo, koma sawathetsa onse. Nchifukwa chake mwana azigonabe m'masikito.

Tsono inu makolo, tsegulani kabuku ka kusikelo lero lomwe, muŵerenge. Inu akatekisti, kumbutsani mabanja m'miphakati yanu, pakuti mwana wa mnzako ngwako yemwe.